Kodi Mbewa Zonsezi Zimachokera Kuti?

Alimi anzanga a ku Chifunde, mbewa tonse timaidziwa. Ndi ndiwo. Mwezi wa Juni ukafika, chimanga chili m'nkhokwe, anyamata amanyamula makasu kukakumba mbewa m'mapesi, ndipo madzulo nsima imatsika bwino. Koma mbewa yomweyo pofika Disembala imasanduka mbala. Munthu wabzala lero mbewu yogula ndi ndalama ya fodya. M'mawa mwake akupeza timaenje m'mizere, phando ndi phando, ngati wina amayenda usiku akutokosa ndi chala. Abwereza kubzala. Abwerezanso kachitatu. Pofika apo mvula yapita patali, mbewu yatha m'thumba, ndipo chimanga chobwerezacho chidzakhwima mochedwa, mwinanso osakhwima n'komwe.

Chodabwitsa n'chakuti zimenezi sizichitika chaka chilichonse. Chaka china anyamata amakumba tsiku lathunthu n'kubwerako ndi mbewa zisanu. Chaka china mbewa zimachita kudutsa panjira dzuwa likuswa mtengo. Kodi zimachokera kuti? Ena amati pali munthu wazitumiza. Ena amati zagwa ndi mvula kuchokera kumwamba. Oyambawo angodanitsa anthu pamudzi. Achiwiriwo, ngakhale timawaseka, ali pafupi ndi zoona. Mbewa sizigwa kumwamba ayi. Koma mvula ndiyo imalamula kuti ziyambe liti kuswana, ndiponso kuti ziswane kangati. Mlimi woyang'anitsitsa mvula angathe kudziwa za chaka cha mbewa kukali miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi.

Tiyambe taidziwa mbalayo

Tikamati mbewa timasonkhanitsa mitundu yambiri m'dzina limodzi. Maina amasiyana dera ndi dera. Wa ku Mualadzi ndi wa ku Nsadzu angathe kutsutsana pa dzina la mbewa imodzi mpaka nsima kuzizira. Koma akuluakulu odziwa kukumba amazisiyanitsa bwino. Pali kapeta, wonona uja. Iye amadya kwambiri m'masika n'kusunga mafuta m'thupi, ndipo chilimwe chikafika amangogona ku una osasuntha. Pali dugu, wa matumba m'masaya, amene amatuta nyemba ndi mbewu zina n'kukaunjika pansi ngati munthu wa nkhokwe. Pali panya wa miyendo italiitali yakumbuyo, wokonda kukumba mauna m'dothi la mchenga. Palinso bwampini wamkulu uja. Ameneyu tisamunyoze kwambiri, pakuti abale ake ophunzitsidwa ku Tanzania ndi bungwe la APOPO ananunkhiza mabomba okwiriridwa pansi m'dziko muno, mpaka mu 2015 boma linalengeza kuti ntchito yochotsa mabombawo m'malo onse odziwika yatha.

Koma wotisautsa kwambiri m'minda ndi kapuku. M'mabuku a asayansi amalembedwa kuti Mastomys natalensis. Iyeyu sasunga mafuta ambiri ngati kapeta, sadzaza nkhokwe ngati dugu. Nzeru yake ndi imodzi basi: kubereka. Mukadzagwira kapuku wamkazi mudzam'tembenuze, muwerenge mawere. Mbuzi ili ndi awiri. Ng'ombe ili ndi anayi. Kapuku amafika mpaka 24. Bere lake limatenga masiku 23 okha. Kawirikawiri amaswa ana 10 kapena 12 nthawi imodzi, ndipo akangoswa sipatenga masiku, watenganso bere lina akuyamwitsa oyambawo. Ndiye kuti mwezi uliwonse angathe kutulutsa ana atsopano.

Tsono funso n'lakuti, ngati amabereka chotere, bwanji dziko lonse silinadzaze akapuku? Yankho lake linaonekera bwino m'maiko a chipululu.

Phunziro la m'chipululu

Chipululu ndi dziko la mchenga ndi miyala, kumene mvula imagwa pang'ono kwambiri, ndipo chaka china siigwa konse. Kuno kwathu kulibe chipululu chenicheni, ngakhale amene anayendapo ku Changara mwezi wa Okutobala angatsutse. Koma kumadzulo kwathu, ku Botswana ndi ku Namibia, kuli chipululu cha Kalahari ndi cha Namib. Mumchengamo mumakhala timbewa ta fuko limodzi ndi panya wathu uja. Timakhala moyo popanda chitsime kapena mtsinje. Madzi ake timawapeza m'njere, m'masamba ndi m'tizilombo timene timadya. Masana timabisala pansi pozizira, usiku n'kumatuluka.

Ku America kuli chipululu chotchedwa Mojave. Mayi wina wophunzira za zomera, Janice Beatley, anakhala zaka zambiri akuwerenga zomera ndi timbewa ta kumeneko, ndipo mu 1969 analemba zimene anapeza. Chaka chimene mvula yagwa yokwanira pa nthawi yake, timaudzu timamera, ndipo timbewa timaswana. Chaka chimene mvula yakana, timaudzu sitimera, ndipo timbewa timaswana pang'ono kapena osaswana n'komwe. Timangodikira. Sikuti tafa tonse ayi. Tilipo, tikudya njere zakale za m'dothi, koma thupi lake latseka njira ya kubereka mpaka chakudya chobiriwira chioneke.

Patapita zaka, asayansi ena anapeza kuti m'udzu wongophuka kumene muli kanthu kena kamene kamadzutsa thupi la mitundu ina ya mbewa kuti liyambe kubereka. Kanthuko anakatcha 6-MBOA, ndipo kamapezekanso m'chimanga chongomera. Dzinalo musavutike nalo. Ife tili ndi dzina lathu labwino: msipu. Mbewa ikadya msipu, thupi lake limadziwa kuti kutsogoloku kukubwera njere zambiri zodyetsa ana.

Kapuku wa m'minda mwathu amatsata lamulo lomwelo la m'chipululu. Kwa iye chilimwe chathu, kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, ndi chipululu cha chaka ndi chaka. Nthawi imeneyo saswa. Mvula ikagwa, msipu n'kuphuka, pamapita masabata angapo, kenaka zazikazi zimayamba kutenga mabere. Zimaswana dzinja lili pakati mpaka masika, chimanga ndi udzu zikamabala njere. N'chifukwa chake mbewa zimapezeka zambiri tikakolola. Anyamata athu amakumba nthawi yoyenera ndithu, pakuti Juni ndi Julayi ndiyo miyezi imene ana onse a chaka chimenecho ali m'munda.

Tiyeni tiwerengere limodzi

Tengani pensulo. Tiyerekeze kuti kapuku aliyense wamkazi akuswa ana 11 nthawi imodzi.

Chaka choyamba mvula yachedwa ndipo yaleka msanga. Kapuku wathu waswa mu Malichi, mu Epulo ndi mu Meyi. Katatu. 3 kuchulukitsa ndi 11, tipeza 33. Ana akewo akamakula apeza kunja kwauma kale. Msipu kulibe. Matupi awo amaima kukula, ndipo sabereka mpaka dzinja linalo, ngati adzafikeko amoyo. Chaka chimenecho nkhani yathera pa 33.

Chaka chachiwiri mvula yayamba msanga, yagwa yambiri, ndipo yakoka mpaka Epulo ndi Meyi. Kapuku yemweyo wayamba kuswa mu Januwale. Waswa kasanu. 5 kuchulukitsa ndi 11, tipeza 55. Koma taonani chimene chasintha. Ana obadwa mu Januwale aja akukula kunja kuli kobiriwira. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu, nawonso ndi akuluakulu. Tinene kuti mwa ana 11 oyambawo, asanu ndi aakazi, ndipo aliyense waswa kawiri nyengo isanathe. 5 kuchulukitsa ndi 2, kuchulukitsanso ndi 11, tipeza 110. Aakazi asanu obadwa mu Febuluwale aswa kamodzi kamodzi, ndiwo 55 ena. Phatikizani: 55 ndi 110 ndi 55. Yankho ndi 220.

Mayi mmodzi yemweyo. Chaka china 33, chaka china 220. Awa ndi masamu a pa bolodi, chifukwa kumunda ana ambiri amafa asanakule. Koma akutisonyeza pamene pagona nkhani. Chaka cha mbewa sichibwera chifukwa chakuti mayi waonjezera ana awiri kapena atatu. Chimabwera pamene ana ayamba kubereka amayi awo asanaleke, zidzukulu n'kubadwa nyengo yomweyo.

Zimenezi zinatsimikizidwa ku Morogoro m'dziko la Tanzania, pa yunivesite ya zaulimi ya Sokoine. Kumeneko akatswiri a ku Tanzania, pamodzi ndi Herwig Leirs wa ku Belgium, anasankha munda wa mahekitala atatu. Hekitala imodzi ndi malo a mamita 100 m'litali ndi mamita 100 m'lifupi. Kuyambira 1994 ankatchera misampha yogwira mbewa zamoyo mwezi uliwonse, n'kuziika chizindikiro, kuziyeza kulemera, ndi kuzimasula. Anachita zimenezi zaka zoposa 20. Kuleza mtima kotere ndi kwa mlimi weniweni, eti? Ku Morogoro mvula imagwa kawiri pachaka: yaing'ono cha mu Novembala ndi Disembala, yaikulu kuyambira Malichi. Anapeza kuti mvula yaing'onoyo ikagwa yambiri, akapuku amayamba kuswana nthawi yawo isanakwane, ana awo n'kudzaberekanso pa mvula yaikulu, ndipo chaka chimenecho kumagwa chipwirikiti cha mbewa. M'zaka zoipitsitsa m'dzikomo anawerengapo mbewa zopitirira 1,000 pa hekitala imodzi. Akatswiri a kumeneko amati m'chaka wamba mbewa zimadya matumba 5 mpaka 15 pa matumba 100 alionse a chimanga, koma m'chaka cha mbewa mlimi angataye oposa 80.

Kuno ku Chifunde mvula imagwa nyengo imodzi yokha. Tsono ife tiyang'ane zinthu ziwiri. Choyamba, chizimalupsa chikagwa champhamvu, mvula ina n'kutsatira msanga, msipu osaumanso. Chachiwiri, mvula ikakana kuleka, n'kumawaza mpaka m'masika. Zikachitika zonse ziwiri m'chaka chimodzi, tikondwere ndi chimanga, koma tidziwe kuti sitinalemere tokha. Mbewa zidzakhala zambiri m'chisanu, ndipo pa zambirizo zotsala zofika pa kubzala kwa Disembala zidzakhalanso zambiri.

Palinso china chimene chimaoneka kawirikawiri kuno kummwera kwa Africa ndi kumaiko ena ouma: chaka cha mbewa chimakonda kubwera mvula yabwino ikagwa pambuyo pa chilala. Pa chilala adani a mbewa amachepa chifukwa chosowa chakudya. Mvula ikabwerera, mbewa imachulukana m'miyezi yochepa, pamene kadzidzi ndi njoka zimafuna nthawi yaitali. Ku Australia kunali chilala cha zaka zingapo. Mvula inagwa bwino mu 2020, tirigu anachita bwino, ndipo mu 2021 mbewa zinadzaza m'minda, m'nkhokwe ndi m'nyumba za ku New South Wales. Ife amene tinaona chimanga chikupserera m'chilala cha 2015 mpaka 2016, ndiponso cha 2023 mpaka 2024, tisaiwale kuti chilala chili ndi mchira wake.

Chimene chimazitsitsa

Makolo anati mbewa zikachuluka siziika masa. Ponena mwambiwu ankadzudzula anthu ochuluka okankhirana ntchito. Koma za mbewa zenizenizo ananenanso zoona. Ku Morogoro kuja anapeza kuti akapuku akathithikana malo amodzi, ana amachedwa kukhwima ndipo akuluakulu sakhalitsa. Chakudya chimachepa. Mauna sakwanira. Zimalumana, zimapatsirana matenda. Zofooka zimayenda poyera kufuna chakudya, akabawi n'kumangotola. Kuchuluka komweko ndiko kumadzigwetsa.

Kenaka chimafika chilimwe, mdani wamkulu wa kapuku. Sepitembala, Okutobala, dzuwa lija la m'chigwa cha Luia, nthaka ili gwa, njere zatha. Mbewa zimafa zambirimbiri popanda munthu kunyamula khasu. Kapuku wa kutchire kawirikawiri satha chaka ali moyo. Pofika Novembala zimatsala zochepa, zowonda, zanjala. Koma zotsalazo ndizo mbewu ya chaka chamawa, ndipo ndizo zimafukula chimanga chathu. Zimamva fungo la njere ili pansi pa dothi. Zikapeza phando limodzi zimangotsata mzere, poti ife eni tinabzala mowongoka bwino.

Zotsalazo zimabisala kuti? Zimapita kumene chipululu cha chilimwe sichifika. M'madimba a m'mbali mwa mitsinje. M'madambo. Pafupi ndi nazale za fodya zimene timathirira mu Sepitembala ndi Okutobala. M'tsala la udzu wautali pakati pa minda iwiri. Pansi pa milu ya mapesi ndi masangwi a mtedza. Pachulu chosalambula. Mlimi aliyense angathe kuloza malo amenewa m'munda mwake osaganiza kawiri.

Za akadzidzi ndinenepo pang'ono, ngakhale ndikudziwa kuti ena mukwinya nkhope. Kadzidzi akalira padenga timathamangira chikuni cha moto. Koma mbalame imeneyi chakudya chake chachikulu ndi mbewa, ndipo ikakhala ndi ana imatuta usiku wonse. Pitani pansi pa mtengo umene imagona, mutole timibulu timene imalavula, muphwanye. Mupezamo ubweya ndi timafupa ta mbewa. Sindikunena kuti akadzidzi angaletse chaka cha mbewa. Sangathe. Kapuku amabereka mofulumira kuposa mmene iwo amadyera. Koma miyezi imene mbewa zachepa, kadzidzi mmodzi akugwira ntchito ya ganyu yosalipidwa. Kumupha n'kudzibera wekha. N'chimodzimodzi msulu, ndi njoka zopanda ululu zimene timazikhoma ndi khasu tisanazione bwino.

Nanga moto? Chaka ndi chaka tchire limapsa chifukwa cha anthu ofuna mbewa. Mbewa ili pansi ku una, moto umadutsa pamwamba. Chimene chapsa ndi udzu wofolerera nyumba, manyowa a m'munda, mitengo yaing'ono, nthawi zina ndi nkhokwe ya munthu. Ndipo ofufuza a ku South Africa anaona kuti pa lupsa, mbewa yoyamba kubwerera n'kudzaza malowo ndi kapuku yemweyo, mitundu ina isanabwere. Chizimalupsa chikagwa, msipu woyamba umaphukanso pa lupsa pomwepo. Tamuotchera, tamulambulira, tamubzalira ndiwo. Ndiwo za tsiku limodzi zisatipsetsere dziko lonse, abale.

Nthawi yomenya

Ambiri timayamba nkhondo ndi mbewa titaona kale timaenje m'mizere. Apo tachedwa. Ena timayesa kuti kukumba kwa mu Juni kumateteza munda. Kumathandiza pa mbale, koma pa munda n'kochepa, chifukwa zambiri za mbewa zimenezo zikanafa zokha ndi chilimwe. Nthawi yabwino ndi pamene zachepa ndipo zaunjikana malo odziwika, ndiye kuti kuyambira mu Okutobala mpaka chimanga chitamera n'kutulutsa masamba atatu kapena anayi. Kapuku wamkazi mmodzi wogwidwa mu Novembala, kumbukirani masamu aja, ndi 33 kapena 220 amene sadzabadwa.

Zida tili nazo kale. Diwa la mwala wafulati, ana a zaka khumi amalidziwa kutchera. Misampha ya waya ikupezeka m'misika. Njira ina yogwira zambiri usiku umodzi ndi ya ndowa. Kumbani dzenje m'mbali mwa munda, pa njira ya mbewa. Kwirirani ndowa kapena mtsuko mpaka kukamwa kwake kulingane ndi nthaka. Thiranimo madzi kufika pakati. Pamwamba pingasani waya wobooleza kachitini kozungulira, ndipo kachitiniko mukapake chiponde kapena madeya onyowa. Mbewa ikakwera, kachitini kamatembenuka, iyo n'kugweramo. M'mawa tsanulani, ndipo masana vundikirani kuopa ana aang'ono ndi anapiye.

Koma apa mvetsetsani. Munthu mmodzi sangathe. Mukapha mbewa zonse m'munda mwanu, mnansi wanu osachita kanthu, pakatha masiku owerengeka zake zasamukira kwanu, poti zapeza mauna opanda eni. Ntchito iyi ndi ya mudzi wonse, ngati kulambula njira ya kumanda. A mfumu ndi a nyakwawa aitane msonkhano chilimwe chisanathe. Agwirizane sabata imodzi yolambula m'malire a minda, kumwaza milu ya mapesi, ndi kutchera onse pamodzi, makamaka kumadimba. Amene mumaphimbira nthaka ndi mapesi musaleke, ndi ulimi wabwino. Koma yalani mopyapyala, osaunjika, ndipo mukhale oyamba kutchera.

Kubzalanso kukhale kwa pamodzi. Mvula yobzalira ikagwa, minda yoyandikana ibzalidwe sabata yomweyo. Mbewa zilipo zomwezo, koma zikagawana minda makumi awiri, aliyense amataya pang'ono. Wobzala yekha patsogolo, kapena wotsalira yekha m'mbuyo, amaphikira mbewa za mudzi wonse. Ndipo chaka chimene zizindikiro zaonetsa kuti mbewa zichuluka, sungani mbewu yapadera yopakizira. Musathere yonse tsiku loyamba.

Mankhwala ndi matenda

Pamsika pamapezeka timapepala ta mankhwala a makoswe topanda dzina, topanda malangizo. Kwa ife odya mbewa, amenewa ndi oopsa kawiri. Inu mwathira m'munda mwanu madzulo. M'mawa mwana wa mnansi watola mbewa yofooka panjira, wakaotcha. Kapena wakaigulitsa pamsewu wa ku Cassacatiza kwa munthu wapaulendo. Nkhuku, agalu, amphaka ndi akadzidzi aja zimaferanso pomwepo, ndiye kuti mwapha alonda n'kusiya mbala. Ngati mbewa zafika poti misampha yalephera, pitani kwa alangizi a zaulimi a m'boma lathu. Iwo anene mankhwala ovomerezeka ndi kathiridwe kake. Mudzi wonse udziwitsidwe tsiku lake, ndipo kudya mbewa kuyambe kwaima mpaka alangiziwo atanena. Mbewa zakufa zikwiriridwe mozama.

Akatswiri a ku Sokoine kuja, ndi anzawo a ku Zambia, ayesaponso nyambo ya mtundu wina, yosapha koma yochepetsa kubereka, ngati kulera kwa anthu. M'minda ya mayeso inachepetsadi ana obadwa. Maganizo ake ndi omwe aja a m'masamu athu, akuti kuletsa mayi mmodzi kumaposa kuthamangitsa ana mazana awiri.  Wina akabwera nayo pamsika m'kapepala, musagule.

Chaka cha mbewa chili ndi choopsa china choposa njala. Mbewa ndi makoswe zimanyamula nthata, ena amati utitiri, ndipo nthatazo nthawi zina zimanyamula matenda a mliri wa makoswe, amene m'Chipwitikizi amati peste. Si nkhani ya kutali. Mu 1994, patangopita zaka ziwiri chichitikire chilala chachikulu cha 1992, matendawa anabuka ku Mutarara m'chigawo chathu chino cha Tete, n'kufikanso ku Nsanje m'Malawi. Kutsidya kwa malire ku Zambia anabuka m'boma la Petauke mu 2001 ndi la Nyimba mu 2015. Chizindikiro choyamba chimaoneka pa mbewa zenizenizo. Mukaona mbewa kapena makoswe akungofa okha, popanda wothira mankhwala, musatole, musadye, ana asaseweretse. Mbewa ikafa, nthata zake zimadumpha kufuna magazi ena, ndipo apafupi ndi anu. Kanenani kuchipatala. Munthu akatentha thupi mwadzidzidzi, n'kutupa mwanabele wowawa kwambiri m'mphechepeche, m'khwapa kapena m'khosi, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala ake alipo ndipo amachiza akafulumira. Kudikira masiku atatu kuti tione, munthu amapita.

Khoswe wa m'nyumba alibe chilimwe

Zonse tanenazi ndi za mbewa za kumunda. Khoswe wa kudenga ndi wina. Iye mvula sakuiwerengera. Amaswana chaka chonse, chifukwa ife tinamuchotsera chipululu: chimanga chili m'chipinda, madeya ali pakona, madzi ali mumtsuko wosavundikira. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo matumba ounjikidwa pansi m'nyumba yogona ndiwo mkhate wake. Nkhokwe ikhale yokwera mita imodzi kuchokera pansi, kutali ndi nthambi za mitengo. Mwendo uliwonse uvekedwe lata lopindidwa ngati chipewa choyang'ana pansi, kuti wokwera akafika pamenepo abwerere. Pansi pa nkhokwe pasakhale mosungira nkhuni ndi makasu. Amene angathe, nkhokwe zomata za mtundu wa Gorongosa kapena za malata zimatseka bwino.

Za mphaka ndi galu pali nkhani yoseketsa. Ku Eswatini, ofufuza otsogozedwa ndi Themb'alilahlwa Mahlaba analemba mu 2017 kuti pakhomo pokhala mphaka yekha, kapena galu yekha, makoswe sankaopa kwenikweni. Koma pakhomo pokhala onse awiri, makoswe ankachepetsa kwambiri kubwera kudzadya. Adani awiri aja, osamwerana madzi, akagwirizana pa ntchito imodzi osadziwa.

Kope la mvula

Chotsala ndi kudziwiratu. Mudzi uliwonse ukhale ndi kope limodzi, losungidwa ndi munthu mmodzi wodalirika. Mulembedwe tsiku limene chizimalupsa chagwa, tsiku la mvula yobzalira, ndi tsiku la mvula yomaliza. Mulembedwenso mwezi umene okumba mbewa ayamba kupeza zazikazi za mabere, kapena tiana tofiira m'masa. Anyamata okumba ndiwo akudziwa zimenezi kuposa wina aliyense, kungoti palibe amawafunsa. Akapeza tiana mu Januwale, kapena akapezabe mabere mu Julayi, nkhaniyo ifike kwa a mfumu ndi kwa alangizi.

Kumayambiriro a Novembala yesani chonchi. Madzulo ikani timilu 10 ta chimanga m'mbali mwa munda, kamulu kalikonse njere 10, motalikirana mapazi 10. Vundikirani kalikonse ndi phale lotsamira pa kamwala, kuti nkhanga ndi njiwa zisatole koma mbewa ithe kulowa. Zonse pamodzi ndi njere 100. M'mawa werengani zotsala, mulembe. Chitani masiku atatu otsatizana, pa minda itatu kapena inayi ya mbali zosiyana za mudzi, umodzi ukhale wa kufupi ndi dimba. Chaka choyamba nambalayo siikuuzani zambiri. Chaka chachiwiri mudzakhala ndi poyerekezera. Ngati chaka chatha zinatsala njere 80 ndipo chaka chino zatsala 15, msonkhano wa misampha usadikire Lamulungu.